Mwendo wa Kavalo wa ku Perisiya

Kwathu ku Mnkhanya kulibe akavalo. Ngakhale ng'ombe sizikhalitsa, kashembe amazitha. Choncho pamene mzungu woyang'anira loji ina ya ku Mfuwe anapempha atate kuti amusemere chitseko chokhala ndi kavalo, munthu yekhayo pabanja pathu amene anali ataonapo kavalo wamoyo ndinali ine. Ndinamuona ku Lusaka pa zaka ziwiri zimene ndinakhala kwa azakhali ndikuphunzira, wapolisi atakwera pamsana pake. Ndinaimira patali chifukwa cha mantha, ndipo zimene ndinasunga m'mutu ndi mano ake achikasu ndi ndowe zimene anasiya pamsewu. Koma nditabwerera kumudzi ndinkakamba ngati ndinakulira m'khola la akavalo.

Atate anali mmisiri wosema. Kale ankasema mitengo ya mfuti za gogodela, komanso anali mlenje monga analili atate awo, ndipo zimenezo n'zimene zinawalowetsa m'ndende ku Chipata ulendo woyamba, ine ndili pasukulu. Anatulukamo ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Chikawagwira ankakumbatira mzati wa khonde mpaka misozi kutuluka. Nesi wa pachipatala chathu, mayi wochokera chigawo china wosadziwa kunyengerera, anawauza ine ndili pomwepo kuti, "Atate, mukakalowanso mu jele simuzakatulukamo na miyendo yanu." Atate anamva. Anasiya za mfuti n'kuyamba kusema tinjovu ndi timvuu togulitsa kwa alendo obwera kudzaona nyama.

Kenaka kunabwera chilala chachikulu chija cha 1992. Amayi anali atamwalira kale, atate ankakhala okha, ndipo njala itakula anzawo akale a ulenje anayambanso kudutsa pakhomo, kukhala pansi pa mango n'kumakamba motsitsa mawu. Ine ndinkawathamangitsa ngati nkhuku, koma sindinkakhala pamenepo masiku onse. N'chifukwa chake nkhani ya chitseko inandisangalatsa kwambiri. Mzungu uja analonjeza kuti chikatuluka bwino alendo asanayambe kufika, atate adzakhala kalipentala wa pa loji, ndipo adzawapatsa kanyumba komweko. Ine za chitseko ndinalibe nazo ntchito. Ndinkangofuna chinthu chimodzi, chakuti atate adzafere pamphasa pawo, osati m'ndende.

Ndinene pano kuti ndinakwatiwa ndi sikauti. Mwamuna wanga anali mmodzi wa anyamata a m'midzi amene analembedwa kuti azithandiza agemu kulondera nyama, ndipo tinkakhala pakampu yawo kufupi ndi mtsinje wa Lupande, ulendo wa ola limodzi panjinga kuchokera kwa atate. Anthu ankaseka kuti mwana wa mlenje wadzitengera yekha msampha m'nyumba. Koma awiriwo ankalemekezana. Mwamuna wanga akafika kwa atate ankagwada patali, kuwomba m'manja, n'kukhala pachipika chakumbali osawayang'ana kumaso, monga achitira munthu kwa apongozi ake.

Buku linabwera mvula ili pakati, litakulungidwa m'pulasitiki, limodzi ndi thabwa lalikulu la mlombwa limene anadzalitsitsa pa thirakitala. Mlendo wina ndiye analisiya pa loji bukulo. Munali zithunzi za zinthu zimene anthu akale a ku Perisiya, dziko lija timalimva kutchalitchi, anasema pathanthwe la phiri. Mzungu anali ataika timapepala pamasamba awiri. Tsamba loyamba linali la ulenje wa mfumu. Mfumuyo inali yaikulu kuposa aliyense, ili pakavalo, uta uli m'manja. Nyama zonga nswala zinkathamanga mumpanda, tianthu tating'ono tikuziwinga, ndipo m'mphepete munali mzere wa ngamira, iliyonse itasenza nyama yakufa.

Atate analondola chithunzicho ndi chala kwa nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mfumu iyi si mlenje ai. Ona, nyama aziika kale mu mpanda. Alenje ni tuanthu utu." Anakweza mawu pang'ono kuti afike pachipika chija, pamene panali patakhala mwamuna wanga. "Nanga nyama zonse izi, anali na laisensi aba?"

Mwamuna wanga anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Tsamba lachiwiri ndilo linali lofunika kukhala pakati pa chitseko. Panali msilikali wovala malaya achitsulo kuyambira kumutu, maso okha ndiwo ankaoneka, mkondo wautali uli m'dzanja, chishango chili kutsogolo. Kavalo wakenso anali atavekedwa zachitsulo mpaka pachifuwa. Ndinachita naye mantha munthu ameneyo ngakhale anali wamwala. Koma mwendo umodzi wakumbuyo wa kavaloyo unali utagumuka kalekale pathanthwepo, ndipo winawo unali mumthunzi, sunkaoneka bwino. Mzungu sankafuna kavalo wolumala pakhomo la chipinda chodyera. Anati atate aikepo okha miyendoyo.

Apa m'pamene panali vuto, chifukwa atate anali ndi kasemedwe kawo. Sankasema nyama imene manja awo sanaigwirepo. Tinjovu tawo tinkatha msanga pamsika chifukwa ankadziwa pamene fupa limathera ndi pamene mnofu umayambira, zinthu zimene anaphunzira ndi mpeni pa zaka za ulenje. Ngamira sizinawavute kwenikweni. Zinali zazing'ono, katundu atazikuta, ndipo khosi ndi miyendo anabwereka kwa nyamalikiti imene anathandiza kusenda ali mnyamata itafera m'matope. Msilikali uja anatuluka m'thabwa pang'onopang'ono, timphete ta malaya ake tikuwadyera masabata atatu. Mutu ndi khosi la kavalo anakopera m'buku. Atafika kumbuyo, kasemasema anaima.

Tsiku lina nditawabweretsera ndiwo anandiitana. "Iwe unamuona kavalo. Akaima, mwendo wa kumbuyo upindika bwanji?"

Sindinkadziwa. M'malo monena choncho, ndinatola kamtengo n'kujambula pansi zinthu za m'mutu mwanga, ndikulongosola molimba mtima. Atate anandikhulupirira. Anayesera pakachidutswa ka mtengo, ndipo nditabweranso anandionetsa mwamanyazi. Ine ndinaphulika kuseka.

"Atate, uyu ni kavalo olo ni tebulo?"

Anaseka nane, kenaka chifuwa chinawagwira. Chitaleka anaponya kachidutswako pamoto. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira zimenezo, chifukwa tebulo lija linali langa, iwo anangosema zimene ndinajambula.

"Kansi mbidzi si m'bale wake?" anafunsa akuyang'ana moto.

Ndinavomera kuti amafanana ndithu, kungoti kavalo alibe mizere. Ndinavomera n'kuiwala. Pabanja pathu mbidzi sitidya, choncho pa ulenje wawo wonse atate anali asanaphepo kapena kusendapo ngakhale imodzi.

Mvula itayamba kukata, mikango inagwira mbidzi kutsidya kwa dambo, kunja kwa paki yosungira nyama. Atate anaona miimba ikuzungulira. Anayenda okha ndi chifuwa chawocho m'udzu wotalika kuposa munthu, anadikira mikango itachoka, n'kudula mwendo umodzi wakumbuyo umene afisi anali asanaufikire. Ine ndinafika patapita masiku awiri. Fungo linandichingamira ndisanatsike panjinga. M'kachisakasa kosemera, mwendo wa mizeremizere unali lendelende kudenga pa luzi, ntchentche zili ng'aa.

Ndinalalata. Ndinawafunsa ngati mutu wawo unali bwino, ngati anaiwala kumene ndinakwatiwa, ngati mawu a nesi aja analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Atate sanandimve n'komwe. Nkhope yawo inali yowala, ndipo ndinali ndisanawaone choncho chimwalirire amayi. Anandikoka dzanja.

"Bwera uone, mwana wanga. Ichi chimene tiyesa bondo si bondo ai, ni chitendene. Bondo lili kumwamba uku, labisala mu thupi." Anapinda mwendowo n'kuuwongola, mtsempha waukulu ukukokeka ngati chingwe. "Waona? Kavalo ayenda na chala chimodzi chabe. Chala chimodzi, anyamula munthu na zitsulo zake zonse!"

"Mukataye lero lomwe, atate."

"Masiku awiri chabe. Sin'naphe kanthu ine, nangotola zotsala za mikango."

Ndinayang'ana pathabwa. Mwendo umodzi wa kavalo unali utayamba kutuluka, ndipo zoona unali wamoyo. Unkaoneka kuti ukaponda munthu akhoza kuthyoka nthiti. Mkwiyo wanga unaphwa. Ndinaganiza za kanyumba ka pa loji, ndinaganiza kuti masiku awiri si kanthu, ndipo pobwerera kukampu ndinkaseka ndekha panjinga.

Madzulo a tsikulo, dzuwa likadalipo, ndinapeza mwamuna wanga akupukuta nsapato zake za ntchito pakhonde. Ndinamusimbira zonse, ndikuyerekezera mmene atate ankapindira mwendo uja. Ndinkayembekezera kuti aseka monga anasekera za laisensi. Sanaseke. Anaika nsapato pansi.

"Amake mwana, mailo m'mamawa mupite mukawauze ataye mu mtsinje. Lamulo silifunsa amene anapha. Chiwalo cha nyama popanda pepala ni mlandu, ndipo iwo dzina lawo lili kale mu buku la milandu."

Ndinamuyankha kuti ndamva, asandiphunzitse za atate anga. Koma m'mawa mwake mwana anadzuka thupi litatentha, tsiku linalo njinga inaphwa tayala, ndipo kunena zoona sindinkaona chofulumirira. Ndinapita tsiku lachinayi. Mwendo uja unali ukadali kudenga, atate akuti atsala ndi chiboda chokha. Ndinali ndikukanganabe nawo, cha m'ma naini koloko, pamene galimoto ya agemu inaima pansi pa mango.

Anatsika bwana wa pakampu pathu, munthu wamtali wochokera chigawo cha kum'mwera, ndi masikauti asanu. Womaliza kutsika anali mwamuna wanga. Anthuwo sanafunse kanthu kwa aliyense, sanalowe m'nyumba, sanayang'ane munkhokwe. Analunjika kukachisakasa. Pomwepo ndinadziwa kuti wina anawauza, ndipo ndinatembenuka kuyang'ana mwamuna wanga. Iye anali ataima patali, maso ali pansi.

Atate anayesa kulongosola. Anatsegula buku, anaonetsa pamene thanthwe linagumuka, anavundukula thabwa. Bwana uja anayang'ana chitsekocho nthawi yaitali, mpaka anakhudza timphete ta malaya a msilikali.

"Ntchito yabwino, mdala," anatero. "Manje pepala ya mbidzi iyi ili kuti?"

Anadula luzi, mwendo anaukulunga m'saka. Galimoto inali yaitali, ndipo atate atayesa kukwera chifuwa chinawagwira phazi limodzi lili m'mwamba. Masikauti anangoyang'ana. Mwamuna wanga ndiye anayandikira n'kuwagwira pachigongono, koyamba kuwakhudza chikwatirire ine.

"Zikomo, apongozi," anatero atate.

Ine ndinakuwa mawu amene sindingawalembe pano. Galimoto inanyamuka mwamuna wanga atakhala moyang'anizana ndi atate, saka lija lili pakati pawo.

Ndinathamangira ku loji tsiku lomwelo. Mzungu anandilandira bwino, anandipatsa madzi ozizira, anati wamva chisoni kwambiri. Koma anati loji imadya chifukwa cha nyama, ndipo sangakaime m'khoti kumbali ya munthu wopezeka ndi mwendo wa mbidzi. M'mawa mwake thirakitala inabwera kudzatenga thabwa ndi buku. Sindidziwa ngati chitsekocho chinamalizidwa, sindinapondekonso kumeneko.

Kukhoti ku Chipata mlandu sunatenge nthawi. Atawafunsa ngati mwendo unapezeka m'manja mwawo, atate anavomera mosavuta, chifukwa mumtima mwawo sankaona cholakwa. Anayamba kufotokoza za chitendene ndi bondo, anthu m'khoti n'kuseka, woweruza n'kuwaletsa. Popeza unali ulendo wachiwiri, anawapatsa zaka zitatu. Ine ndinawerengera nyengo zozizira zitatu ndipo ndinadziwa kuti sadzafika.

Ndinakawaona mwezi wa Julaye. Ku Chipata n'kumtunda, kumazizira kuposa kwathu kuchigwa, ndipo ndinawapeza atatha, khosi lili ngati la nkhuku yonyowa. Anafunsa za mwana, anafunsa ngati njovu zinasiyako mapira kumunda kwawo. Za chitseko sanatchule. Nthawi itatha anandigwira dzanja.

"Usamavute mwamuna wako. Ni munthu wabwino, ali pa ntchito chabe."

Mawu amenewo ndinawamva mwanjira yanga. Ndinati ngakhale atate akudziwa amene anawagulitsa, koma akumukhululukira chifukwa cha ine. Ine ndiye sindinakhululuke. Ndinkamuphikira, kumuchapira yunifomu, kumuikira madzi kubafa, koma osamuitana, osamufunsa kuti waswera bwanji. Akandilankhula ndinkayankha mwana. Pamaso pa anthu ndinkamutchula kuti bwana sikauti, ndipo ndinkafunsa mokweza ngati nyota yake ya paphewa, yomukwezera udindo, yafika. Ndinkadana naye ndi mtima wonse, ndipo chidanicho chinkandipatsa mphamvu zodzuka m'mawa. Iye sanayankhepo ngakhale kamodzi. Ankadya mwakachetechete n'kutuluka.

Uthenga wa imfa ya atate unafika pa wailesi ya pakampu mwezi wa Januwale, mvula ikugwa usana ndi usiku. Msewu wa ku Chipata masiku amenewo unali wafumbi, ndipo nthawi ya dzinja unkasanduka phala. Tinayenda masiku atatu, ine ndi mwamuna wanga ndi mwana, pena pa lole pena pansi. Tinafika atawaika kale dzulo lake. Anatilozera mulu wa dothi lofiira pakati pa milu ina, ndipo ndinalira pamenepo osatsimikiza ngati ndi womwewo.

Pobwerera lole yathu inatitimira pamalo ena otsika. Kunali masana, mvula itakata pang'ono, ndipo amuna anatsika kukadula nthambi zoika kumatayala. Ine ndinakhala pamphepete pa msewu. Mwamuna wanga anabwera ndi chimanga chootcha chimene anagula pamudzi wapafupi, n'kundipatsira. Ndinachimenya chinakagwera m'matope.

"Mwakhuta manje? Mwawapha. Muende mukalandire nyota yanu."

Anayang'ana chimanga chija, kenaka anakhala pansi pafupi nane. Sanakweze mawu.

"Amake mwana, ine sin'nakambe kwa munthu. Tsiku lija bwana ananiitana mu ofesi akudziwa kale zonse. Anadziwa kuti mwendo uli kudenga pa luzi. Anadziwa na mawu akuti kavalo ayenda na chala chimodzi. Ananifunsa chifukwa chake sin'naripote, nchito inatsala pang'ono kutha." Anapuma. "M'mawa muja mwana anadwala, munapita kukatunga madzi. Pa mjigo munaseketsa ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimutukwane, koma ndinali nditakumbukira kale. Mjigo wa pakampu. Amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi, onse akazi a masikauti, zidebe zili pamzere. Ine nditaima ndi mwendo umodzi, ndikupinda winawo ndi dzanja, ndikuyerekezera mawu a atate ngakhalenso katsokomoledwe kawo. Mkazi wa bwana atagwira nthiti, misozi ikutuluka, akundipempha kuti ndibwerezenso. Ndipo ndinabwereza. Kwa ine sinali nkhani ya mlandu, inali nkhani yoseketsa, ndipo nditasenza chidebe ndinaisiya pomwepo osaiganiziranso.

"Munakhaliranji chete miyezi yonseyi?" ndinafunsa.

"Mu galimoto muja atate anafunsa bwana kuti anamva kwa ndani. Bwana anawauza. Tinafika pa kampu. Potsika atate ananiuza kuti, apongozi, mwana uja asakadziwe." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Nayesa, amake mwana. Lero nalephera."

Miyezi isanu ndi itatu ndinkagona ndi kudzuka ndikutemberera munthu amene anawapereka atate, ndipo munthuyo ndinali ine. Atate ankadziwa zimenezo pamene ankandigwira dzanja kundende kuja.

Lole inabangula, inatuluka m'matope, anthu n'kuyamba kuitana kuti tikwere mvula isanayambenso. Mwamuna wanga anabereka mwana, ananyamula chikwama, n'kuima pambali kundidikira. Dalaivala analiza hutala kawiri, ine ndikadali pansi pamphepete pa msewu.